Kiev kapena Kyiv: mkangano wa mayunitsi pa gulu la ochemerera mpira

Madala wa Blues (admini): Mwaswera bwanji nonse. Zotsatira za mafunso a Lachisanu ndi izi. Funso lomaliza linali lakuti: fainolo ya Champions League ya 2018, imene Real Madrid inagonjetsa Liverpool 3-1, inaseweredwa mumzinda uti? Yankho ndi Kiev. Woyamba kuyankha anali NaPhiri koma analemba "Kyiv", choncho mayunitsi a K2,000 apita kwa Kopite amene analemba bwino. A Kopite, tumizani nambala kumbali.

NaPhiri Gunner: Pepani madala, mwati bwanji? Ndalakwitsa pati ine?

Madala wa Blues (admini): Kalembedwe, mwana wanga. Lamulo la gulu lino mukulidziwa. Sabata yatha tinakana yankho la munthu amene analemba "Manchesita".

Kopite wa ku Kawale: Kkkkk Mulungu sagona. Usiku umenewo ndinalira ngati pamaliro. Salah kutuluka atagwira phewa chifukwa cha Ramos, Karius kumupatsira Benzema mpira ngati akugawa zitumbuwa. Lero misozi ija yandibweretsera mayunitsi. Osandilanda chonde.

NaPhiri Gunner: Tsegulani zithunzi za tsikulo muone. Zikwangwani za UEFA m'bwalo muja zinalembedwa KYIV 2018. Eni mpikisanowo analemba momwe ndalembera ine. Ndiye wolakwa ndani apa?

Madala wa Blues (admini): Ine mpira ndinayamba kutsatira inu musanabadwe. Dynamo Kiev, Dynamo Kiev, pa wayilesi ya BBC tinkamva choncho. Mu 1997 Shevchenko atamwetsa zigoli zitatu ku Camp Nou, Barcelona n'kugona ndi 4-0, nyuzi zonse zinati Dynamo Kiev. Lero mundiuze kuti moyo wanga wonse ndakhala ndikulakwitsa?

Aphunzitsi a ku Zomba: Madala, ndiloleni ndilowepo ngakhale sindinayankhe nawo mafunsowo. Simunalakwitse nthawi imeneyo, koma lero NaPhiri ndiye ali pa chilungamo.

Mayina awiriwa ndi a mzinda umodzi, kusiyana kwake ndi pakamwa pamene dzinalo ladutsira. "Kiev" ndi momwe a ku Russia amautchulira m'chinenero chawo. "Kyiv" ndi momwe eni dziko amautchulira m'Chiyukireniya. Pa nthawi ya Soviet Union, chilichonse chotuluka m'chigawo chimenecho kupita kunja chinkayamba chadutsa ku Moscow: mapu, mapasipoti, mndandanda wa osewera. Ndiye dziko lonse linaphunzira mayina a ku Ukraine m'katchulidwe ka Chirasha, ife tomwe.

Ukraine inaima payokha mu 1991. Mu 1995 boma lawo linagamula kuti m'zilembo zathuzi mzindawo uzilembedwa Kyiv, koma kunja kuno palibe amene analabadira. Zinthu zinasintha Russia italanda Crimea mu 2014. Mu Okutobala 2018 unduna wa ku Ukraine woona za ubale ndi mayiko ena unayambitsa kampeni pa intaneti yotchedwa KyivNotKiev, kumapempha nyumba zoulutsa nkhani ndi mabwalo a ndege kuti asinthe. Associated Press inasintha mu 2019. BBC yanu yomweyo, madala, inasinthanso chaka chomwecho.

Kopite wa ku Kawale: Aphunzitsi, mwangoti Okutobala 2018. Fainolo inali ya Meyi 2018. Ndiye kuti pa tsiku limene Karius ankatiphera, mzindawo unali udakali Kiev. Mayunitsi ndi anga mwalamulo.

NaPhiri Gunner: Anena kuti 1995, a Kopite. Makutu anu amangomva zimene zikukomerani, ngati ma penate a ku Anfield.

Mlimi wa ku Mchinji: Ine ndifunse. Zimenezi zikutikhudza bwanji ife? Gulu lino ndi la mpira. Nkhondo yawo ndi Russia ija ife tinangoona feteleza akukwera mtengo basi. Lero tiyambe kukangana za zilembo za azungu? Kiev, Kyiv, mpira wake ndi womwewo. Ndale tisiyire eni ake.

Mayi a Tadala (Leeds): Achimwene a ku Mchinji, inenso ndinkatero. Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Kuno ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo mu 2022 kunabwera mayi wina wothawa nkhondo, wochokera ku Kharkiv, ali ndi kamtsikana kake. Tsiku loyamba anamupatsa kabaji ka pachifuwa kolembedwa "Olga". Mayiyo anakalandira, anathokoza, koma nthawi yopuma ndinamupeza m'chipinda chodyera atatenga cholembera chakuda akufuta G uja n'kulembapo H. Ine n'kumati mwina ndi wovuta chabe. Ndinamufunsa. Anatulutsa pasipoti: Olha. Anandiuza kuti Olga ndi momwe angamutchulire anthu amene akuphulitsa nyumba ya mayi ake. Sanakweze mawu, sanalire, anangobweza pasipoti m'chikwama n'kupitiriza kumwa tiyi. Kabaji kofutafutako anakavala milungu itatu mpaka atamupangira kena.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti pa foni ndi mayi akewo ankalankhula Chirasha. Ndinachita kufunsa mnzathu wina wa ku Poland kuti ndi chinenero chanji chimenecho.

Mlimi wa ku Mchinji: Ndiye mwaona? Iye yemweyo akulankhula Chirasha. Nanga akukaniranji dzina la Chirasha?

Aphunzitsi a ku Zomba: Apa ndi pamene nkhaniyi imasokoneza anthu akunja. Kalembera wa anthu wa 2001 anapeza kuti 67.5 peresenti ankati chinenero chawo chobadwa nacho ndi Chiyukireniya, 29.6 peresenti ankati Chirasha. Mizinda ya kum'mawa ndi kum'mwera monga Kharkiv, Donetsk ndi Odesa inkalankhula kwambiri Chirasha. Pulezidenti wawo Zelensky mwiniyo anakulira ku Kryvyi Rih akulankhula Chirasha, nthabwala zake zambiri pa kanema ankachita m'Chirasha. Palinso chosakaniza cha zinenero ziwirizi chimene amati surzhyk, ngati mmene ife timathirira Chingerezi m'Chichewa mpaka agogo kusokonezeka.

Koma funsani kuti zinafika bwanji pamenepo. Mu 1863 nduna ya ufumu wa Russia, Valuev, inaletsa kusindikiza mabuku a sukulu ndi a chipembedzo m'Chiyukireniya, kalata yake ikunena kuti chinenero choterocho kulibe ndipo sichingakhaleko. Mu 1876 mfumu Alexander II inawonjezera: osasindikiza, osaitanitsa mabuku otere kunja, osachita masewero a zisudzo m'chinenerocho. Munthu wofuna sukulu ndi ntchito yabwino mumzinda ankayenera kulankhula Chirasha, chinenero cha makolo n'kumaoneka ngati cha kumudzi. Mayi wa ku Kharkiv uja amalankhula chimene anakula nacho, koma dzina akufuna likhale lake.

Za G ndi H zija zili ndi mbiri yake. Chilembo Г a ku Russia amachitchula G, a ku Ukraine amachitchula ngati H. G weniweni iwo ali ndi chilembo chake, Ґ, chokhala ndi kanyanga. Mu 1933, nthawi ya Stalin, pamene anthu mamiliyoni ankafa ndi njala ya Holodomor, chilembo chimenecho anachichotsa mu alifabeti kuti kalembedwe kayandikire Chirasha. Chinabwerera mu 1990. Tangoganizani boma kulamula kuti kuyambira mawa ng' kulibe, "ng'ombe" muzilemba "ngombe".

Kopite wa ku Kawale: Ng'ombe ingakane kkkkk

Madala wa Blues (admini): Dikirani kaye. Ndiye kuti Oleg Blokhin, amene anatenga Ballon d'Or mu 1975, si Oleg?

Aphunzitsi a ku Zomba: M'Chiyukireniya ndi Oleh. Belanov wa 1986 tinkati Igor, kwawo ndi Ihor. Rebrov atapita ku Tottenham mu 2000 tonse tinkati Sergei, koma pamene ankasankhidwa kukhala kochi wa timu ya dziko mu 2023 nyuzi zinkalemba Serhiy. Munthu ndi yemweyo.

NaPhiri Gunner: Ife a Arsenal tinaphunzira kudzera mwa Zinchenko. Atabwera kuchokera ku Man City mu 2022, pa gulu lina la ochemerera Arsenal la pa Facebook panali mnyamata wa ku Ukraine amene ntchito yake inali imodzi: wina akalemba "Alexander Zinchenko", iye n'kuyankha pansi "Oleksandr". Osatukwana, osafotokoza, liwu limodzi lokha. Poyamba ankatitopetsa, ena mpaka anapempha kuti achotsedwe. Patapita miyezi ndinazindikira kuti tikukonzana tokhatokha iye asanafike. Ndi komweko ndinaphunzira Kyiv, ndipo lero andimana nayo mayunitsi.

Chimwemwe Gemu: Kwa ife a magemu mkangano wake unali woopsa kuposa apa. Pali gemu yotchedwa S.T.A.L.K.E.R. 2, opanga ake ndi kampani imene inayambira ku Kyiv, GSC Game World. Poilengeza dzina linali Heart of Chernobyl. Nkhondo yaikulu itayamba mu February 2022, sipanapite nthawi anasintha chilembo chimodzi: Heart of Chornobyl. Anachotsanso mawu olankhulidwa m'Chirasha. Ndiye muone m'magulu a osewera! Ena akuti ife tinakula ndi Chernobyl, ngozi ya 1986 dziko lonse limaidziwa ndi dzina limenelo, musatisinthire ubwana wathu. Ena akuti malowo ali m'dziko lathu, ndife tikuuzeni dzina lake. Aadmini ankachita kutseka ndemanga. Chilembo chimodzi, E kusanduka O.

Mlimi wa ku Mchinji: Chabwino, ndamva. Koma ndinene chimene chikundiwawa. Nkhondo itayamba, ana a ku Africa amene ankaphunzira ku Ukraine ankakankhidwa pokwera sitima ndi pamalire, akuti adutse kaye eni dziko. African Union mpaka inatulutsa chikalata chodandaula. Anthu amenewo ndi amene lero ndiziwalemekezera zilembo? Iwo dzina la Gabadinho Mhango angalitchule? Ndi angati kumeneko akudziwa kuti Malawi ili pati?

Mayi a Tadala (Leeds): Zimenezo zinachitikadi achimwene, ndipo zinandinyansa. Sindingazichepetse. Koma mayi uja si amene anali pamalire. Komanso iye ndi yekhayo pantchito pathu amene anakhala nane pansi kuti ndimuphunzitse kutchula dzina la kwathu lonse, osalidula. Azungu ena onse anandipatsa lachidule lawolawo sabata yoyamba yomwe, ine osafunsidwa. Mwina ankadziwa kuwawa kwake.

Mwana wa ku Rumphi: Ndakhala chete ndikuwerenga, koma zimene anena aphunzitsi zandikumbutsa abambo anga. Mu 1968 chipani cha MCP chinagamula kuti Chichewa ndicho chinenero cha fuko, dzina loti Chinyanja linasiyidwa, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wayilesi ndi m'nyuzi. Chinabwerera pa MBC mu 1994. Abambo ankatiuza kuti atapita kukagwira ntchito ku Blantyre ankachepetsa mawu akamalankhula ndi mnzawo wa kumudzi m'basi. Ine pano ndikulemba Chichewa, ndimachikonda, ndinakwatira ku Dedza, maloto omwe ndimalota m'Chichewa. Koma wina akandiuza kuti popeza ndimalankhula Chichewa ndiye kuti Utumbuka wanga watha, tiyambana. Ndiye a ku Mchinji mukamafunsa kuti mayi uja akukaniranji pamene akulankhula Chirasha, ine yankho ndili nalo m'nyumba mwanga.

Ndipo taonani atsikana athu, Tabitha ndi Temwa. Dziko lonse likulemba Chawinga, koma W ameneyo kwathu ndi wa kachipewa, Chaŵinga. Pa foni kachipewako kamavuta kupeza, ndiye kakutha pang'onopang'ono. Ngakhale Malaŵi yemwe.

Aphunzitsi a ku Zomba: Mwafanizira bwino akulu, bola tisazitenge ngati n'zofanana ndendende. Kuno palibe amene anatumiza akasinja ku Rumphi. Kumeneko nkhani ya chinenero yagwiritsidwa ntchito ngati chifukwa cholowera m'dziko la eni. Putin analemba nkhani yaitali mu Julaye 2021 yonena kuti anthu a ku Russia ndi a ku Ukraine ndi mtundu umodzi. Patangopita miyezi isanu ndi iwiri asilikali ake anali pa msewu wopita ku Kyiv. Munthu akakuuza kuti iwe kulibe, ndiwe nthambi yanga chabe, kalembedwe ka dzina lako kamasanduka umboni.

Bana Mwansa wa ku Chipata: Ife kuno timati Chinyanja mpaka lero ndipo tikumvana bwinobwino ndi inu kkkk. Koma za mayina a mizinda musachite ngati n'zachilendo. Chipata inali Fort Jameson. Ndani lero angakwere basi ku Lusaka n'kunena kuti ndikupita ku Fort Jameson? Kondakitala angaganize kuti wadzuka kumanda.

NaPhiri Gunner: Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald, Chitipa inali Fort Hill. Madala, ndikufunseni. Funso likanakhala lakuti Flames ndi timu ya dziko liti, wina n'kuyankha Nyasaland chifukwa agogo ake ankamva choncho pa wayilesi, mukanamupatsa mayunitsi?

Kopite wa ku Kawale: Mlandu uwu ukuyamba kundiipira.

Madala wa Blues (admini): Mwandigwira pakhosi mwana inu. Koma ndisanagamule ndili ndi funso langa, poti nanenso ndafufuza. Wosewera wa Girona uja, pa jezi pake palembedwa Tsygankov, ndi G. Mwa malamulo a aphunzitsiwa akanakhala Tsyhankov. Wankhonya uja dziko lonse limamudziwa kuti Wladimir Klitschko, osati Volodymyr, ndipo mkulu wake Vitali ndi meya wa Kyiv yemweyo kuyambira 2014. Ndiye eni akewo sakugwirizana, ife titsatire ndani?

Aphunzitsi a ku Zomba: Funso la nzeru, ndipo pamenepa ochemerera ena amapyola malire. Boma lawo linakhazikitsa njira imodzi yolembera mayina m'zilembo za Chilatini mu 2010, imene amatsatira m'mapasipoti. Koma anthu amene anatchuka kale, kapena amene anasankha okha kalembedwe kena, ali nako. Klitschko anapangira dzina lake ku Germany, W uja ndi wa Chijeremani. Ine ndimaona anthu a ku America ndi ku England pa X akukalipira mnzawo chifukwa walemba Tsygankov, pamene mwini wake wavala dzinalo kumsana. Kumeneko ndi kulira kuposa mwini maliro. Dzina la pulezidenti wawo lomwe mulipeza Zelensky, Zelenskyy, Zelenskyi, malinga ndi nyuzi yake.

Wankhonya Usyk ndi chitsanzo china. Anabadwira ku Simferopol, ku Crimea, anakula akulankhula Chirasha, ndipo nkhondo ya 2022 isanayambe a kwawo ena ankamukayikira kuti ali mbali iti. Koma ndi yemweyo amene atapata golide ku London mu 2012 anavina hopak, gule wa makolo awo, m'bwalo la nkhonya momwemo, atameta mutu wonse n'kusiya kachitsitsi kamodzi ka ankhondo akale otchedwa Cossack. Atagonjetsa Fury ku Riyadh mu Meyi 2024 mbendera imene anafunda inali ya buluu ndi chikasu. Munthu wotere simungamuyeze ndi chinenero chokha.

Chimwemwe Gemu: Nanga n'chifukwa chiyani mayina awo ambiri amathera ndi -enko? Zinchenko, Shevchenko, Mykolenko wa Everton, Yarmolenko amene anali ku West Ham.

Aphunzitsi a ku Zomba: Tanthauzo lake ndi "mwana wa". Shevchenko likuchokera ku shvets, wosoka nsapato, ndiye kuti mwana wa wosoka nsapato. Kovalenko ndi mwana wa wosula zitsulo. Ukangomva -enko, kapena -uk ndi -chuk, umadziwa kumene mizu ya banjalo ili, monga mmene ife tikamva Gondwe kapena Mkandawire timayang'ana kumpoto. Ndipo Shevchenko wamkulu kwawo si wa AC Milan ayi. Ndi Taras Shevchenko, mlakatuli amene anabadwa kapolo mu 1814 n'kumwalira mu 1861, amene analemba ndakatulo m'Chiyukireniya pamene ophunzira ankachiyesa chinenero cha alimi. Nkhope yake ili pa ndalama ya 100 hryvnia, yunivesite yaikulu ya ku Kyiv ili m'dzina lake.

Madala, mudziwenso kuti Mudryk wanu uja dzina lake likuchokera ku liwu lotanthauza "wanzeru".

Kopite wa ku Kawale: Nzeruzo zinatsalira ku Shakhtar, sizinakwere nawo ndege kkkkkk

Madala wa Blues (admini): A Kopite, mwatsala pang'ono kuchotsedwa. Chelsea musaiyike m'kamwa lero.

Mlimi wa ku Mchinji: Ine sindinasinthe maganizo pa za ana athu aja pamalire, ndipo wina wa kumeneko akadzabwera pa gulu lino ndidzamufunsa. Koma za dzinalo chabwino, ndizilemba Kyiv, sizindidyera kanthu. Kungoti foni yanga ikumasintha yokha kukhala "Kuiv".

Mwana wa ku Rumphi: Yanga imasintha Rumphi kukhala "Rumpus". Mafoni awa ndi atsamunda.

Madala wa Blues (admini): Chigamulo nachi, ndipo palibe apilo. Mzinda tizilemba momwe eni dziko akulembera lero. Wosewera tizilemba momwe zilili pa jezi pake. Wolemba kalembedwe kakale sitimunyoza, timukonza mwaulemu ngati mnyamata wa ku Arsenal uja, makamaka akakhala wamkulu ngati ine. Mayunitsi ndi a NaPhiri. A Kopite bwezani.

Kopite wa ku Kawale: Madala, ndagula kale bando. Ndi yomweyi ndikuyankhira pano.

Madala wa Blues (admini): Ndiye nditulutsa ena m'thumba mwanga, Chelsea ikanditayitsa ndalama kangati. A Naphili tumizani nambala.

NaPhiri Gunner: NaPhiri, madala. Ndi R.

Madala wa Blues (admini): Asa! Chabwino. Funso lapadera la K1,000, kuti tione ngati phunziro lalowa. Nkhondo itayamba ku Donbas mu 2014, Shakhtar inasiya bwalo lake la Donbas Arena ku Donetsk. Inayamba kusewera masewero ake apakhomo mumzinda uti wa kumadzulo kwa dzikolo?

Kopite wa ku Kawale: Lviv. Lvov. Lwów. Lemberg. Sankhanipo nokha madala, ine ndalemba onse.

Aphunzitsi a ku Zomba: Loyambalo ndi la eni ake, lachiwiri la nthawi ya Soviet, lachitatu la pamene unali m'manja mwa Poland, lomaliza la nthawi ya Austria. Mwawapeza kuti msanga chonchi?

Kopite wa ku Kawale: Bando ya NaPhiri ikugwira ntchito, aphunzitsi.